Ferrer sanatenge Grand Slam, koma anaposa ambiri amene anaitenga

Lamlungu pa 9 June 2013, m'bwalo lalikulu la Roland Garros ku Paris, Rafael Nadal anakwapula mnzake wa ku Spain, David Ferrer, ndi 6-3, 6-2, 6-3, n'kutenga chikho cha tenesi cha French Open kachisanu n'chitatu. Panalibe mpikisano weniweni tsiku limenelo. Chimene ambiri amakumbukira ndi munthu wina amene analumphira m'bwalo atanyamula muuni woyaka, komanso Usain Bolt akupereka chikho. Koma kutacha Lolemba, mndandanda wa osewera wa ATP, bungwe loyendetsa tenesi ya amuna, utatuluka, wogonja uja anali pa nambala 4 padziko lonse, wopambana ali pa nambala 5. Anthu anaseka, amvekere kompyuta yapenga.

Kompyutayo sinapenge. Mndandanda wa ATP umawerenga mapointi a masabata 52 apitawo. Nadal anali atakhala miyezi 7 osasewera chifukwa cha bondo, ndipo potenganso chikho chimene anali atatenga kale mu 2012 sanawonjezere kanthu pa mapointi ake. Ferrer, amene chaka chapitacho anathera mu semifainolo, anali atakwera sitepe imodzi, kuwonjezera pa chaka chathunthu chimene anakhala akupambana pafupifupi kulikonse kumene anapita. Palibe wamisala aliyense amene ananena kuti Ferrer ndi katswiri kuposa Nadal. Mndandandawo unangoonetsa chinthu chimene ife okonda tenesi timachinyalanyaza: ntchito ya wosewera imayezedwa ndi chaka chonse, osati masabata awiri okha a mpikisano waukulu.

Ine ndikuti David Ferrer, amene anapuma pa masewerowa mu 2019 asanatengepo Grand Slam (umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya tenesi pa chaka) ngakhale imodzi, anali wosewera wamkulu kuposa anthu angapo amene mayina awo analembedwa pa zikho zimenezo. Ndikutinso mbiri imene timamupatsa, yoti anali kamunthu kopanda luso kwenikweni koma kakhama, ndi yabodza ndipo imamuchepsa.

Tiyambe ndi zimene anachita. Ferrer anabadwa pa 2 April 1982 ku Xàbia, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Alicante. Anayamba tenesi yolipidwa mu 2000, natenga chikho chake choyamba cha ATP ku Bucharest mu 2002, chomaliza ku Båstad m'dziko la Sweden mu 2017. Pakati pa ziwirizi pali zaka 15, ndipo zikho zonse pamodzi zinakwana 27. Anapambana masewero 734. Anamaliza chaka ali m'gulu la osewera 10 apamwamba maulendo 7, koyamba mu 2007, kenako chaka chilichonse kuyambira 2010 mpaka 2015. Mu July 2013 anafika pa nambala 3. M'mipikisano inayi ikuluikulu ija, Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open, anafika mu kotafainolo kapena kupitirira maulendo 10 otsatizana, kuyambira ku Melbourne mu 2012 mpaka ku Paris mu 2014. Taganizani, zaka ziwiri ndi theka osaphonya, pa dothi, pa udzu, pa simenti. Mu 2012 mokha anatenga zikho 7 n'kupambana masewero 76, kuposa wina aliyense chaka chimenecho, kuphatikizapo Novak Djokovic wa ku Serbia ndi Roger Federer wa ku Switzerland.

Tsopano tayikani pambali pake Gastón Gaudio wa ku Argentina. Gaudio anatenga French Open mu 2004 pa fainolo yodabwitsa imene Guillermo Coria anatsogola ndi maseti awiri, kenako miyendo inamugwira, nataya mwayi womaliza masewero kawiri konse. Kupatula sabata ziwiri zimenezo, Gaudio sanafikeponso mu kotafainolo ya Grand Slam iliyonse, ndipo zikho zake zonse ndi 8. Thomas Johansson wa ku Sweden, amene anagonjetsa Marat Safin ku Australian Open mu 2002, ali ndi 9. Albert Costa, mnzake wa Ferrer wa ku Spain komweko, anatenga French Open mu 2002 ndipo ali ndi 12. Onsewa anali osewera abwino ndithu, ndipo palibe amene angawalande zimene anapata. Koma wina atandiuza kuti Gaudio anali wamkulu kuposa Ferrer chifukwa cha chikho chimodzicho, ndingamufunse ngati anaonererapo anthu awiriwa akusewera, kapena amangowerenga mayina.

Chimene chinasiyanitsa Ferrer ndi atatuwa ndi nyengo. Gaudio, Costa ndi Johansson anakolola m'kanthawi kamene akatswiri akale Pete Sampras ndi Andre Agassi anali akukalamba, Federer asanakhazikike, Nadal akadali mnyamata kwawo ku Manacor. Ferrer anakhwima mochedwerapo, ndipo pamene ankakhwima khomo linali litatsekedwa. Kuyambira French Open ya 2005 mpaka kumapeto kwa 2013, Grand Slam iliyonse inapita kwa Federer, Nadal kapena Djokovic, kupatula zitatu zokha: imodzi ya Juan Martín del Potro mu 2009, ziwiri za Andy Murray. Zaka zabwino zonse za Ferrer zinagwera m'kati mwa nyengo imeneyi.

Taonani kumene ankagwera. Anafika mu semifainolo ya Grand Slam maulendo 6. Ku US Open mu 2007 anagonja kwa Djokovic. Ku Australia mu 2011, kwa Murray. Ku Paris mu 2012, kwa Nadal. Ku US Open mu 2012 ndi ku Australia mu 2013, kwa Djokovic kawiri. Ulendo umodzi umene anadutsa, ku Paris mu 2013, atachotsa Jo-Wilfried Tsonga pamaso pa anthu a kwawo, anakafika mu fainolo asanataye seti n'imodzi yomwe, n'kupezamo Nadal, munthu amene pomaliza anatenga chikho chimenecho maulendo 14. M'mipikisano ya Masters 1000, imene ili pansi pang'ono pa Grand Slam, anafika mu fainolo maulendo 7. Ku Rome mu 2010 ndi ku Monte Carlo mu 2011 anagonja kwa Nadal, ku Shanghai mu 2011 ndi ku Miami mu 2013 kwa Murray, ku Paris mu 2013 kwa Djokovic, ku Cincinnati mu 2014 kwa Federer. Ulendo umodzi wokha umene tsidya lina la ukonde kunaima munthu wina, Jerzy Janowicz wa ku Poland ku Paris mu 2012, Ferrer anatenga chikho mosavuta, 6-4, 6-3. Ndiye kuti pa masewero akuluakulu onsewa sanagonjepo kwa munthu wamba. Amene ankamuletsa anali anayi okhaokha omwewo.

Otsutsa ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Amati nyengo inali yomweyo kwa aliyense. Del Potro anagonjetsa Nadal ndi Federer motsatizana ku New York mu 2009. Stan Wawrinka anatenga Grand Slam zitatu, mu 2014, 2015 ndi 2016, ndipo m'mafainolo onse atatu anagwetsa munthu amene anali pa nambala 1, Nadal kamodzi, Djokovic kawiri. Marin Čilić anasesa Federer mu semifainolo ya US Open mu 2014 n'kutenga chikho. Ngati iwowa anathyola khomo, Ferrer analephereranji? Amawonjezeranso chiwerengero chimene chimapweteka aliyense womukonda: anakumana ndi Federer maulendo 17, osapambana n'kamodzi komwe. Ndi Nadal anapambana 6, kugonja 26. Ndi Djokovic 5 kwa 16.

Zimenezi n'zoona, ndipo ndikuvomereza kuti Wawrinka ali pamwamba pa Ferrer. Zikho zitatu zotengedwa m'manja mwa akamuna amenewo si mwayi. Ndikuvomerezanso chifukwa chake. Del Potro ndi Čilić ndi aatali mamita 1.98, ndipo tsiku limene mpira wawakonda ankatha kumenya mwamphamvu moti tsidya linalo kaya kuli ndani zinalibe kanthu. Ferrer ndi wa mamita 1.75. Sevisi yake inali yabwino koma yosaopsa, ndipo analibe nkhonya imodzi yothetsera nkhani. Pointi iliyonse ankayenera kuimanga, mpira ndi mpira. Pokumana ndi Djokovic kapena Murray ankakumana ndi munthu wosewera ngati iye yemwe, koma wamtali, wamanja aatali, wa sevisi yopatsa mapointi aulere. Pokumana ndi Federer ankapeza munthu amene sankamupatsa nthawi yomangira chilichonse.

Palinso tsiku lina limene sindingalitchinjirize. Ku Miami mu 2013, mu fainolo ndi Murray, Ferrer anatsala ndi pointi imodzi kuti atenge chikho. Murray anamenya mpira wautali umene unagwera pafupi ndi mzere, ndipo Ferrer, m'malo mopitiriza, anaimitsa masewero napempha kuti makina aone ngati mpirawo watuluka. Makina anaonetsa kuti unakhudza mzere. Pointi inapita kwa Murray, ndipo pa tie-break, mapointi olekanitsa osewera akafanana 6-6 mu seti, Ferrer, miyendo itamukokana, anangotenga pointi imodzi. Pamenepo sizinali za nyengo kapena msinkhu. Munthu amene amakhulupirira kuti chikho n'chake amaubweza mpira umenewo. Ferrer anafuna kuti mzere umuthandize, ndipo ndikuganiza kuti kamtima kameneka, kodziona ngati wamng'ono pamaso pa anayi aja, kanamudyera masewero ena angapo. Iye mwini ankakonda kulankhula modzichepetsa kwambiri za iwo, mwina mopitirira muyezo.

Komabe funso langa silakuti ndani anali woopsa pa tsiku lake labwino. Čilić wa sabata ziwiri za ku New York akanagonjetsa Ferrer aliyense. Koma Čilić ameneyo ankabwera mwa apo ndi apo. Ferrer yemweyo ankabwera ku Auckland mu January, kumene anatenga chikho maulendo 4, ku Acapulco mu February, kumenenso anatenga 4, ku Valencia kumapeto kwa chaka, ndipo munthu wa pa nambala 20 kapena 30 akamuona pa ndandanda ya masewero ankadziwiratu kuti kuli maola awiri kapena atatu a thukuta, ndipo mapeto ake ambiri ndi kulongedza zikwama. Tenesi ndi ntchito ya miyezi 11 pa chaka. Kusankha masabata 8 okha pa miyezi imeneyo n'kunena kuti ena onsewo sawerengedwa ndi ulesi wa ife oonerera, amene timayatsa TV pa Wimbledon n'kuzimitsa mpaka US Open.

Tsopano za mbiri ija ya khama. Pali nkhani imene imabwerezedwa nthawi zonse dzina la Ferrer likatchulidwa. Ali wachinyamata, tsiku lina atachita ulesi pa zokonzekera, mphunzitsi wake Javier Piles anamutsekera m'kachipinda kamdima kosungiramo mipira, n'kumupatsa buledi ndi madzi. Panthawi inanso mnyamatayo anatopa nayo tenesi, napita kukagwira ntchito ya zomangamanga, koma patangotha sabata anabwerera ku bwalo. Nkhanizi Ferrer sanazibise, ndipo anakhalabe ndi Piles mpaka kumapeto kwa 2013, akumutenga ngati bambo wake wachiwiri.

Olemba nkhani amazikonda nkhani zimenezi chifukwa zimapereka chithunzi chosavuta: mwana waulesi analangidwa, nasanduka kavalo. Ine zimandinyansa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kutsekera mwana m'chipinda chamdima ndi nkhanza, ndipo kuti wotsekeredwayo anakhululuka sizisintha dzina la chinthucho. Mphunzitsi amene angamve nkhaniyi n'kuganiza kuti wapeza njira yopangira akatswiri adzangowononga ana. Sitimva za anyamata ena amene anachitidwa zotere n'kusiya masewero mpaka kalekale, chifukwa palibe amene amawafunsa. Chachiwiri, nkhaniyi imabisa luso. Pa mndandanda wa ATP pali anthu mazanamazana amene amadzuka m'mamawa, kuthamanga, kumenya mipira mpaka manja kuchita matuza. Khama lili ponseponse m'masewero amenewa, ndipo ambiri mwa akhamawo safika n'komwe pa nambala 100. Likanakhala khama lokha, bwenzi a Ferrer alipo ambiri.

Chimene Ferrer anali nacho n'chosowa. Anali mmodzi mwa anthu odziwa kubweza sevisi kuposa onse a m'nthawi yake. Kubweza mpira wothamanga makilomita 220 pa ola, wochokera m'manja mwa munthu ngati John Isner amene ndi wamtali kupitirira mamita awiri, si nkhani ya kupirira. Pamafunika diso loona kumene mpira ukupita usanamenyedwe, ndi manja ofulumira oubweza mozama kuti mwini sevisi ayambe kubwerera m'mbuyo. Zimenezi munthu sangaziphunzire m'kachipinda ka mipira. Mapazi ake ankaponda timasitepe ting'onoting'ono tambirimbiri, moti pofika pa mpira thupi linali litakhala kale bwino. Ankazungulira mpira wobwera kumanzere kwake kuti aumenye ndi forehand, kamenyedwe ka kumbali ya dzanja lake lamanja, n'kuutumiza mopingasa kukona ya mnzakeyo mobwerezabwereza mpaka mpata utatseguka. Ankaima pafupi ndi mzere wakumbuyo, kumenya mpira ukungonyamuka pansi, zimene zimalanda mnzako nthawi yoganiza. Anthu amamukumbukira ngati wothamangitsa mipira, koma masewero ake ambiri iye ndiye ankathamangitsa anzake.

Ndipo si kuti anali wa pa dothi pokha, monga ankanenedwera osewera a ku Spain akale. Anatenga zikho pa udzu ku 's-Hertogenbosch, pa simenti ku Tokyo ndi ku Doha, m'mabwalo a m'nyumba ku Valencia, Paris ndi Vienna. Fainolo yake yoyamba yaikulu inali pa bwalo lolimba la m'nyumba ku Shanghai mu 2007, pa mpikisano wa osewera 8 apamwamba wotsekera chaka, kumene anagonjetsa Nadal ndi Djokovic m'gulu asanakumane ndi Federer. Chaka chomwecho anali atachotsa Nadal ku US Open. Mu 2014 anamugonjetsanso ku Monte Carlo, pa dothi, pa bwalo limene Nadal anali atatengapo chikho zaka 8 zotsatizana. Munthu wopanda luso sachita zimenezi ngakhale atathamanga bwanji.

Vuto lina la Ferrer linali la kwawo komweko. Akanabadwira m'dziko lina lililonse la ku Ulaya, kupatula Switzerland, Serbia ndi Britain, akanakhala wosewera woyamba wa dziko lake kwa zaka zambiri. Ku Spain anali wachiwiri, ndipo woyambayo anali Nadal. Ngakhale kumbuyo kwake kunali Carlos Moyá ndi Juan Carlos Ferrero, onse awiri otenga French Open, onse awiri ofikapo pa nambala 1. Koma Moyá ali ndi zikho 20, Ferrero 16, ndipo onse awiri anapambana masewero ochepa poyerekeza ndi Ferrer. Akulu anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo Ferrer anakhala zaka zonsezo pafupi ndi Nadal popanda nsanje yoonekera kapena kudandaula kuti dziko silikumuona.

Kumene a ku Spain anamuona bwino ndi mu Davis Cup, mpikisano wa mayiko. Anali m'timu imene inatenga chikhochi mu 2008, 2009 ndi 2011. Cha 2008 ku Mar del Plata sichinamukomere iye payekha, chifukwa David Nalbandian anamuchapa tsiku loyamba ndipo tsiku lomaliza malo ake anasewera Fernando Verdasco. Koma chaka chotsatira ku Barcelona, Radek Štěpánek atamutsogolera 6-1, 6-2, Ferrer anabwerera n'kupambana seti yachisanu 8-6. Mu 2011 ku Seville anagwetsa del Potro m'maseti asanu. Mu 2012 ku Prague, Nadal kulibe, anapambana masewero ake onse awiri, kugonjetsa Štěpánek ndi Tomáš Berdych pakwawo, ngakhale Spain inaluza 3-2. Ndipo mu April 2018, ali ndi zaka 36, mndandanda utamutsitsa kale, anasewera masewero otsiriza a Spain ndi Germany m'bwalo lochitira mpikisano wa ng'ombe zamphongo ku Valencia, chigawo cha kwawo. Iye ndi Philipp Kohlschreiber anakokana pafupifupi maola asanu, Ferrer n'kupambana 7-5 mu seti yachisanu. Amene amati ankanjenjemera pa nthawi yovuta ayenera kufotokoza masewero amenewa. Zikuoneka kuti mantha ake sanali a nthawi yovuta ayi, anali a anthu anayi basi.

Mathero anabwera mwakachetechete. Masewero ake omaliza a Grand Slam anali ku US Open mu 2018, ndime yoyamba, ndipo tsoka lake maere anamugwetsera Nadal yemweyo. Anavulala katumba wa mwendo nasiyira pakati. Mu 2019 anasankha mipikisano yochepa imene ankaikonda kuti akatsanzike, ndipo pamapeto pa uliwonse ankavula kansalu kake ka kumutu n'kukasiya pabwalo. Womaliza unali wa ku Madrid mu May, kumene Alexander Zverev anamugonjetsa 6-4, 6-1. Chaka chotsatira Zverev yemweyo anamutenga kukhala mphunzitsi wake kwa miyezi ingapo. Wosewera wamtali pafupifupi mamita awiri, wa sevisi ya mphezi, sakanapita kwa Ferrer kukaphunzira kuthamanga. Anapita kwa munthu amene amadziwa tenesi.

A ku Spain nawonso anaona chimodzimodzi. Anamupatsa udindo woyendetsa mpikisano wa Barcelona Open, kenako ukaputeni wa timu ya Davis Cup. Mu November 2024 ku Málaga, udindo umenewo unamuika pamalo ovuta: Nadal anali atalengeza kuti akupuma ukatha mpikisanowo, thupi litatha, ndipo Ferrer ndiye anayenera kusankha ngati amuseweretse kapena amukhazike pa benchi. Anamuseweretsa. Nadal anagonja kwa Botic van de Zandschulp 6-4, 6-4, Spain inatuluka m'manja mwa Netherlands, ndipo ena anati kaputeni anatsata mtima m'malo mwa mutu. Mwina anali ndi mfundo, chifukwa Roberto Bautista Agut analipo ndipo anali bwino. Chaka chotsatira ku Bologna, katswiri wawo wamkulu Carlos Alcaraz atavulala, Ferrer anapita ndi Pablo Carreño Busta, Jaume Munar, Pedro Martínez ndi Marcel Granollers, anthu amene palibe ankawawerengera, ndipo anawafikitsa mu fainolo, kumene anagonja kwa Italy.